Munthu wa M'katuni Amayambira Kumsana

Anthu ambiri akamva kuti ndimajambula makatuni amaganiza kuti ntchito imayambira pankhope: mphuno yaikulu, maso otong'oka, mano apamtunda. Ine nkhope ndimaifika kumapeto. Mzere woyamba umene pensulo yanga imalemba ndi wa msana, umodzi wokha, wochokera pakhosi kutsikira m'chiuno mpaka kuchidendene chimene chasenza thupi lonse. Mzerewo ukaphonyeka, ngakhale maso uwakongoletse chotani, papepala pamangokhala chidole. Ukaukhoza, munthu wayamba kale kupuma ngakhale mutu usanauike.

Amene anandiphunzitsa zimenezi ndi anthu a kuno ku Mulanje, iwo eni osadziwa n'komwe. Kuno ntchito imasiya chizindikiro pathupi la munthu. Tiyi anayamba kulimidwa m'boma lino m'chaka cha 1891, pa esiteti ya Lauderdale, ndipo kuyambira pamenepo mibadwo yakhala ikuima m'minda ya tiyi dengu lili kumsana. Tamuonetsetsani mayi wothyola tiyi ku Lujeri kapena ku Mimosa. Sawerama monga wolima ndi khasu, komanso saima chilili. Amapendekera kutsogolo pang'ono kuchokera m'chiuno, mapewa atakokedwa ndi zingwe za dengu, zigongono zili m'mwamba, manja onse awiri akuthamanga pamwamba pa masamba, kenaka dzanja n'kuponya kumbuyo mutu osacheuka. Mayi yemweyo mukakumana naye Lamulungu atavala yunifomu ya Mvano, dengu palibe, koma mapewa akadali pomwe zingwe zinawasiya. Ndikamujambula sindisowa kuika tiyi kapena phiri kumbuyo kwake. Wa ku Mulanje aliyense amuzindikira.

Wonyamula matabwa kuchokera m'phiri ndi wina. Iyeyu khosi lake n'loongoka, nkhata pamutu, thabwa lalitali likugwedera kutsogolo ndi kumbuyo. Mutu sungatembenuke, choncho amayendetsa maso okha, ndipo mawondo saongoka kufikira atatsika. Wokankha njinga ya matumba a chimanga kuchokera ku Muloza kupita kumsika wa Limbuli thupi lonse limagonera ku njinga, phazi limodzi litatsalira kutali kumbuyo, chidendene m'mwamba. Anyamata onyamulira alendo zikwama kuchokera pa Likhubula kukwera ku Chambe ali ndi kayendedwe kawokawo, kofulumira koma kosathamanga, mutu utaloza pansi, zala zazikulu zitakola m'malamba a chikwama. Ndiye pali kapitawo. Kapitawo amaima manja kumbuyo, chibwano m'mwamba, ndipo ngakhale akhale woonda, msana wake umapindikira kumbuyo pamene wa wothyola tiyi umapindikira kutsogolo. Mukaika mizere iwiriyi moyandikana, popanda nkhope, popanda mawu, nkhani yonse ya pa esiteti yakambidwa.

N'chifukwa chake gawo lalikulu la ntchitoyi silichitika ndi pensulo m'manja. Limachitika utakhala pakhonde la sitolo pa Chitakale, ukuyang'ana mmene wogulitsa zinanazi amatambasulira miyendo, mmene kondakitala wa minibasi amaitanira anthu ndi thupi lonse, mmene agogo amafunira ndalama pamfundo ya chitenje. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu amene ndimadzamuika papepala kawirikawiri si mmodzi wa awa. Mapewa ndi a uyu, kaimidwe n'ka uyo, chipewa ndinachiona kumaliro, nsapato ndinaziona padepoti. Ndimasonkhanitsa pang'onopang'ono m'timizere ting'onoting'ono m'mphepete mwa kope, mpaka tsiku lina zidutswazo zigwirizana zokha n'kukhala munthu amene sanabadwepo koma aliyense akuti amamudziwa.

Wina angafunse kuti bwanji osangoyamba ndi bolopeni, poti katuni imadzathera mu inki. Bolopeni imafuna kuti ukhale utadziwa kale chimene ukunena. Pensulo imakulola kufunsa. Ndimaigwira kutali ndi nsonga, pafupifupi kumathero kwake, ndipo mkono umayenda kuchokera paphewa, osati pazala monga polemba kalata. Mizere yoyamba imakhala yopepuka kwambiri moti woima pambali angaganize kuti pepala likadali loyera. Pamzere wa msana uja ndimaikapo zozungulira, china cha mutu, china cha chifuwa, china cha chiuno, kenaka timitengo ta miyendo ndi mikono. Mwendo umodzi ndimatha kuulemba m'malo angapo, n'kuisiya yonse pomwepo osafufuta, chifukwa mzere wophonya ndi umene umakuonetsa pamene woyenera udutse. Wofulumira kugwira labala amafufuta mboni yake. Wophika nsima sathira ufa wonse nthawi imodzi. Amayamba ndi phala, n'kumaonjezera pang'onopang'ono, mthiko ukumuuza pamene yakwana. Kukanikiza pensulo kumayendanso chimodzimodzi. Mzere umene waonetsa kuti ndi woona ndimaubwereza molimbirapo, ndipo enawo amayamba kuzimirira okha m'maso ngakhale akadali papepala.

Manja ndi amene amavuta koposa, ndipo ndi amene amaulula wojambula waulesi. Mukaona katuni imene anthu onse aika manja m'thumba kapena kumbuyo, dziwani kuti mwini wake wathawa ntchito. Chikhalirecho Amalawi timalankhula ndi manja: kuomba m'manja popereka ulemu, kugwira chigongono polandira chinthu kwa wamkulu, kugwira tsaya pa nthawi ya nkhawa, kutembenuza chikhatho pofunsa kuti nanga nditani. Dzanja limodzi lojambulidwa bwino limachotsa mawu ambiri amene akanadzaza pamwamba pa mutu wa munthuyo. Pakatuni ndimakonda kulikulitsa dzanja kuposa mmene lilili, makamaka la munthu wogwira ntchito, pakuti moyo wake wonse uli pamenepo.

Chithunzi chikayamba kuoneka ngati chatha, ndimatembenuza pepala n'kuliyang'ana chakumbuyo pa kuwala kwa zenera. Diso limazolowera zolakwa zake, koma chithunzi chikatembenuzidwa, mutu wopendeka ndi diso lokwera zimaonekera nthawi yomweyo. Yeso lina ndi kudetsa munthu yense ndi pensulo papepala lina, kuti patsale mthunzi wokha. Ngati mthunziwo sukudziwika kuti ndi wa ndani, ndiye kuti ndinabisala kumbuyo kwa mabatani ndi mizere ya malaya.

Chida chenichenicho n'chosavuta, koma chili ndi mbiri yake. Chakuda cha m'kati mwa pensulo ndi mwala wofewa wotchedwa graphite, wosakanizidwa ndi dongo n'kuotchedwa. Nzeru yosakanizayi anaitulukira Nicolas-Jacques Conté ku France m'chaka cha 1795, pamene nkhondo inatseka njira ya graphite wabwino wa ku Borrowdale, ku England. Dongo likachuluka pensulo imalimba n'kumalemba motuwa, ndiyo ya chilembo cha H. Likachepa imafewa n'kumalemba moderapo, ndiyo ya B. Ya HB imene ana amagula pagolosale ili pakatikati, ndipo kunena zoona imakwanira pa ntchito yonse ya mizere yoyamba. Ya 2B ndimaisungira mizere yomaliza, ndipo ndimakaigula ndikapita ku Limbe. Posongola ndimakhulupirira lezala kuposa chosongolera, chifukwa lezala limandilola kusiya nsonga yaitali imene mbali yake imapaka mthunzi. Zimandikhudza kuti mwala womwewu uli m'nthaka yathu, ku Malingunde ndi ku Kasiya m'boma la Lilongwe, pamene mapensulo amene ndimawaona m'masitolo mwathu ndi ochokera kunja.

Nyengo ya kuno nayo imalowerera. M'miyezi ya June ndi July chiperoni chikaphimba phiri, pepala limamwa chinyezi, pensulo imaterera osagwira, ndipo labala amangosupula pepala m'malo mofufuta. Mapepala ndimawasunga m'jumbo yomanga bwino, ndipo m'mawa wa chiperoni ndimayamba ndaotha zala.

Ife amene tinakula tikukonda kujambula, aphunzitsi athu oyamba anali m'nyuzipepala ndi m'magazini. Pewani wa Brian Hara mu Malawi News, Joza wa Vic Kasinja, Chatsalira wa m'magazini ya Moni: amenewa tinkawakopera kumasamba akumapeto a makope athu a sukulu. Nyuzipepala inkatifika itadutsa m'manja ambiri, nthawi zina itakulungidwamo kale usipa, koma kakona ka katuni tinkakang'amba mosamala n'kukasunga. Pa nthawi ya chipani chimodzi, lamulo lounika zolembedwa la m'chaka cha 1968 lili m'mphamvu, wojambula sakanayerekeza kukokomeza nkhope ya mtsogoleri. Choncho luso lonse linapita pa anthu wamba: mwamuna wobwera kunyumba mochedwa, wangongole, wodzionetsera wa m'tauni, mkazi wodziwa kuyankha. Riferendamu ya pa 14 June 1993 itadutsa, nyuzipepala zinachuluka ndipo nkhope za andale zinayamba kuoneka m'makatuni. Unali ufulu wofunika kwambiri ndipo sindingaupeputse. Komabe ndikamaganizira amene anakhala nafe nthawi yaitali m'mitima, ndi anthu wamba aja. Tinkawaseka, koma tinkawakondanso, ndipo zinkaonekeratu kuti amene ankawajambula ankawakonda.

Kukopera kunatiphunzitsa chinthu chimodzi chimene sukulu sinatiuze: munthu wa m'katuni ayenera kukhala yemweyo sabata ino ndi sabata ya mawa. Kumujambula kamodzi n'kosavuta. Ntchito ili pomujambula chakutsogolo, cham'mbali, chakumbuyo, atakwiya, akuseka, akunama, atagwidwa bodza, akuthamangira minibasi, koma n'kumadziwikabe kuti ndi iye. Ndimadzaza masamba ndi mutu umodzi womwewo, ndikuyesa kuti thupi lake ndi lalitali mitu ingati, makutu ali pati poyerekeza ndi maso, chipewa chimakhala bwanji akadzidzimuka. Pena munthuyo amakana. Umafuna kuti akhale waukali, koma nsidze zake zimangotuluka zachisoni nthawi zonse, ndipo pamapeto umavomera kuti khalidwe lake ndi limenelo. Dzina limabwera mochedwa kwambiri, ndipo nthawi zambiri amapereka ndi ena, amene amayang'ana pakope n'kunena kuti ameneyu akufanana ndi auje.

Apa m'pamene nkhani imakula, pakuti katuni ndi kukokomeza, ndipo kukokomeza ndi chiweruzo. Ukakulitsa mimba ya munthu wanena kuti amadya. Ukachepetsa mutu wake wanena kuti saganiza. Palibe mzere wosalankhula. Hergé wa ku Belgium atajambula Tintin ali ku Congo, buku limene linatuluka m'chaka cha 1931, anali asanapondeko ku Congo. Anthu akuda onse m'bukumo ali ndi milomo yofanana ndi maso ofanana, chifukwa sanajambule munthu amene anamuona. Anajambula zimene anamva ndi zimene Azungu anzake ankakhulupirira. Kumeneko n'kukokomeza kochokera m'kusadziwa, ndipo kumanyoza. Yerekezani ndi osema zigoba za gule wamkulu, amene akhala akukokomeza nkhope kuyambira kalekale. Simoni wa nkhope yofiira anachokera m'kuyang'anitsitsa mlendo amene anakhala pakati pawo, ndipo anthu akamamuona m'bwalo amadziwa khalidwe limene likudzudzulidwa. Wojambula makatuni Zapiro wa ku South Africa, kuchokera pa zimene Jacob Zuma ananena m'khoti m'chaka cha 2006, anamuika Zumayo shawa pamutu, ndipo kachizindikiro kamodziko kanamutsata kwa zaka zambiri. Kanagwira chifukwa kanachokera pa mawu a mwini wake, osati pa chibadwa chake.

Lamulo langa lili pomwepo. Ndimakokomeza chimene munthu amachita, osati chimene anabadwa nacho kapena chimene umphawi wamuchita. Ana akandipeza ndi kope amakonda kunena kuti, "Ankolo, mujambule mutu wa uyu, ndi waukulu." Ndimawauza kuti mutu sanaupemphe, koma ngati amakonda kubisa mpira kumbuyo akagonja, chimenecho tijambule. Amaseka koposa, ndipo wojambulidwayo amaseka nawo. Chigamba cha pa kabudula, mapazi ong'ambika, chilema, khungu la munthu wachialubino: izi zikhoza kukhala m'chithunzi chifukwa zili m'moyo, koma nthabwala isakhale pamenepo. Ndipo chisankho chimenechi chimachitika mizere ikadali yopepuka. Inki ikalowa, chiweruzo chaperekedwa.

Pali nthawi imene kukokomeza kumakanika konse. Namondwe wa Freddy atagwa m'mwezi wa March 2023, madzi ndi miyala zitatsika m'phiri n'kukokolola midzi kuno ndi ku Phalombe, ndinkajambulabe, popeza dzanja linazolowera, koma zimene zinkatuluka sizinali makatuni. Anthu osenza malata opindika, mayi wokhala pakhonde la kalasi mwana kumsana, abambo okumba m'matope ndi makasu. Panalibe choti ndikulitse. Zojambulazo zinatsala mu pensulo ndipo sindinazipititse kulikonse.

Masiku ano achinyamata ambiri amajambula pa kompyuta ndi pafoni, ndipo ena mwa iwo ntchito yawo ndi yogometsa. Sinditsutsana nazo. Chimene ndimawapempha n'chakuti mzere wophonya asamauchotse msanga, ngakhale makinawo amalola kuuchotsa ndi kukhudza kumodzi. Ndimawapemphanso kuti chithunzi chisanathe akachionetse kwa anthu amene akuwajambula. Akabaza a pasiteji ndi oweruza okhwima. Amayang'ana kaye njinga, ngati tcheni chili mbali yoyenera ndiponso ngati keriyala ingapirire katundu amene waikapo, kenaka ndiye munthuyo. Akaseka n'kuyamba kulozana kuti, "Achimwene, ameneyu ndi inuyo," ndiye kuti zatheka. Akangoti zili bwino n'kubweza kope mwaulemu, pali chimene chawapweteka kapena chimene sichili choona, ndipo ndi bwino kufunsa pensulo ikadali m'manja.

Pensulo yabwino ukamaisongola imatulutsa kafungo, chifukwa mapensulo ambiri apamwamba amapangidwa ndi mtengo wa cedar wa ku California. Kwa munthu wa ku Mulanje kafungoko sikachilendo. Kamakumbutsa timabokosi ta mkungudza timene osema akhala akugulitsa kwa alendo m'munsi mwa phiri. Mkungudza wa ku Mulanje, umene kwawo kwenikweni ndi phiri lino, unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko m'chaka cha 1984. Lero mitengo ikuluikulu ya mtunduwu yatsala pang'ono kutheratu chifukwa cha macheka ndi moto, ndipo a Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi anthu a m'midzi yozungulira akubzala mbande kuti mwina zidzukulu zidzauone. M'mwezi wa July 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Wojambula wa kuno sangaileke nkhani imeneyi.

Koma kuijambula bwanji? Njira yachidule ilipo, ndipo ndaiona pa zikwangwani zambiri zophunzitsa za chilengedwe: mnyamata wa nkhwangwa, maso ofiira, mano panja, mtengo ukulira misozi. Chithunzi chotere chimatha msanga ndipo aliyense amachimva. Vuto n'lakuti ukayamba ndi msana, monga mmene ntchitoyi imafunira, thupi la wonyamula matabwa limakana kukhala la chigawenga. Khosi louma lija, mawondo onjenjemera potsika pamwala woterera, nthiti zowerengeka, patapata womangidwa ndi waya: mizere yonseyi ikunena za munthu amene wasenza katundu wolemera kuti madzulo kunyumba kufuke utsi. Walakwira phiri, inde, ndipo sindimuchotsa m'chithunzi. Koma ndikamupatsa mimba yaikulu ndanama, chifukwa amene akudya si iyeyo. Mimbayo ili ndi mwini wake, amene sakwera phiri, amene amadikira kumunsi usiku ndi lole, amene matabwa akafika m'tauni amawagulitsa pa mtengo umene wonyamulayo sangaulote.

Ameneyu ndiye wovuta kumujambula, popeza saoneka. Sakhala pakhonde la sitolo kuti umuyang'anitsitse kaimidwe. Ndikamupatsa nkhope ya m'mutu mwanga, ndibwerera ku zimene anachita Hergé, kujambula mphekesera; komanso nkhope iliyonse imene ndingapeke ikhoza kufanana ndi munthu wosalakwa wa pa boma, anthu n'kuyamba kumuloza chala. Ndinayesa chipewa chophimba maso, ndinayesa magalasi akuda, koma zonsezo zinkamusandutsa munthu wa m'filimu, wosakhala wa kwathu.

Chimene ndakhazikikapo n'chakuti asakhale ndi nkhope. Kumanzere kwa pepala kuli phiri la zitsa zokhazokha, ndi mzere wa anyamata akutsika, aliyense thabwa pamutu, akucheperachepera mpaka kumtunda. Kumanja kuli lole, matayala ataphwa ndi kulemera. Pazenera la loleyo patuluka mkono umodzi wokha, wonenepa, wotchi itamira m'mnofu, mphete pachala. Mkonowo ndaukulitsa kuposa thupi lonse la mnyamata woyamba, ndipo pakati pa zala ziwiri zikuluzikuluzo pali kandalama kamodzi kakang'ono, koti woona ayenera kuyandikitsa pepala kuti akaone. Mnyamatayo sangaweramitse mutu chifukwa cha thabwa, choncho akukayang'ana ndi maso okha. Mawu sindiikapo. Mkono ndi lole ndazidetsa kale ndi 2B. Chatsala ndi dzanja lamanja la mnyamatayo, limene ndalilemba pawiri, lina litatambasuka kulandira, lina likadagwira thabwa, ndipo ndikawafunsa anyamata a pa Likhubula kuti munthu wosenza thabwa lotere angathe kulisiya ndi dzanja limodzi osaligwetsa.